Kalata yotseguka kwa akuluakulu a zaumoyo: ana athu akuyezedwa, koma otiphunzitsa kadyedwe palibe

Kwa Olemekezeka a Nduna ya Zaumoyo, Bwana DC wa boma la Mulanje, a Mkulu wa zaumoyo pa khonsolo yathu, aphungu ndi makhansala athu, akuluakulu a sukulu zosula anamwino ndi madokotala, ndi inu a Gogo Chalo nonse a m'boma lino.

Zikomo akuluakulu. Ndapereka moni kwa nonse mwaulemu, ndi chikhulupiriro chakuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi mabanja anu. Ndikudziwa kuti pa desiki panu sipasowa mapepala, ndipo langali ndi lalitali, choncho mundipirire. Ine ndine mphunzitsi wopuma ntchito wa kuno ku Mulanje. Chipumireni ndakhala ndikuthandiza magulu a amayi amene timawatcha makeya gulupu, aja amayenda khomo ndi khomo kukambirana za kadyedwe ka amayi oyembekezera ndi ana aang'ono. Ndalembera poyera chifukwa nkhaniyi si ya ofesi imodzi, komanso amayi amene ikuwakhudza ayenera kumva zimene tapempha m'dzina lawo.

Chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi ichi. Bungwe limene linkayendetsa magulu m'dera lathu linatseka pulojekiti yake, magalimoto anapita, ndipo chipitireni palibe wabwera kudzanena kuti ntchitoyi tsopano ili m'manja mwa yani. Mabuku a zithunzi ophunzitsira anang'ambika, njinga za mapulomota, odzipereka oyang'anira maguluwa, zinatha matayala, misonkhano ya mwezi ndi mwezi inazilala yokha. Mu 2025, dziko la America litadula thandizo lake lambiri ku mayiko ngati lathu, tinazindikira kuti wodzatola pamene anzakewo anasiyira mwina sabweranso. Ndiye ndikufunsa: kodi kuphunzitsa anthu kadyedwe ndi ntchito ya boma, kapena ndi ya alendo, yotha tsiku limene alendowo apakira katundu?

Ndiyambe ndi sikelo, poti ndi pamene mayi wa kumudzi amakumana ndi boma mwezi uliwonse. Mudzabwere tsiku lina osalengeza, mudzaime chapatali. Mudzapeza sikelo ili lende pa nthambi ya mango, amayi ali mbwee pansi, mlangizi wa zaumoyo ali yekha kapena ali awiri. Ayimbitsa nyimbo imodzi, alankhula pang'ono za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ena akumva, ena akutonthoza ana, kenaka mzere uyamba. Mwana amukoleka, muvi ugwedezeka, mlangizi aika kadontho m'buku, aitana wotsatira. Pofika masana onse ayezedwa, katemera wabayidwa, mafomu adzaza. Ntchito yaoneka kuti yatheka.

Koma ndinakhalapo pa khonde ndi mayi wina wachitsikana, titatsegula buku la mwana wake wa chaka chimodzi. Timadontho ta miyezi ingapo yotsatizana tinali tagona pa mzere umodzi, osakwera. Iye ankanyadira kuti sanajombepo ku sikelo. Panalibe anamuuza kuti mzere wogona chonchowo ndi chenjezo, ndipo panalibe anamufunsa kuti mwanayo amadya chiyani, kangati pa tsiku, m'mbale yakeyake kapena ya onse. Nditafunsa ine, anati m'mawa ndi phala la ufa woyera lamadzimadzi lothira mchere, masana ndi madzulo nsima yoviika mu msuzi. Msuzi wokha, poti ndiwo zenizenizo akuti zingamutsamwitse. Kuseri kwa nyumba yomweyo kunali mtengo wa mapeyala utabereka, ndipo pa khonde panali lichero la nandolo.

Alangizi sindikuwaloza chala ayi. Munthu mmodzi yemweyo ndiye wa katemera, wa kiliniki ya kumudzi, wa kolorini nthawi ya kolera, wa zimbudzi, wa maneti a udzudzu, wa malipoti. Ndondomeko ya boma ya zaumoyo wa m'midzi imati mlangizi mmodzi azitumikira anthu 1,000. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 680,000 m'boma lino, ndiye muwerenge nokha kuti pafunika alangizi angati, muyerekeze ndi amene ali pa mndandanda wanu wa malipiro. Ntchito ikachuluka, chimene chimayamba kutayidwa ndi chija fomu sifunsa. Fomu imafunsa ana angati ayezedwa. Sifunsa kuti ndi amayi angati akhala pansi ndi mlangizi n'kumvana chochita.

Manambala ake ndi anu omwe. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2010 anapeza ana 47 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ali opinimbira. Wa 2015-16 anapeza 37, ndipo tinaomba m'manja, moyenera ndithu. Wa 2024 wapeza 38. Ndiye kuti zaka zonsezi taima pamodzimodzi. Wa 2015-16 uja anaonetsanso kuti mwa ana 100 a miyezi 6 mpaka 23, ana 8 okha ndiwo ankadya mokwanira, kunena za mitundu ya chakudya ndi kangati pa tsiku, ndipo ana 63 mwa 100 osakwana zaka zisanu anali ochepa magazi. Kupinimbira n'koopsa chifukwa sikufuula. Mwana wotupikana aliyense amamuona, timathamanga naye, alandira chiponde, ndipo pa chipondecho ndikuthokozani, chapulumutsa ana amene lero ndimakumana nawo akupita kusukulu. Koma wopinimbira amasewera ndi anzake bwinobwino, anthu n'kumangoti watengera agogo ake kufupika. Ife aphunzitsi ndiye timadzamulandira m'Sitandade 1, akuvutika kugwira zimene anzake agwira kalekale. Zimene zinaonongeka m'masiku 1,000 oyamba, kuchokera pamene mayi waima kufikira mwana atakwanitsa zaka ziwiri, choko sichingazikonze. M'mera mpoyamba.

Dandaulo lachiwiri likukhudza anamwino ndi madokotala athu, ndipo ndikuwapempha asandimve molakwa. Amagwira ntchito yolemera, mizere ili mpaka panja, mankhwala nthawi zina kulibe. Koma pa nkhani ya chakudya, zimene wodwala amabwera nazo kunyumba zimaonetsa kuti ambiri sanasulidwe mokwanira. Mawu ake ndi amodzi: "Muzidya zamagulu." Basi, wotsatira alowe.

Alamu anga anawapeza ndi matenda a shuga pa chipatala china. Woyamba anawauza kuti asiye nsima. Mwezi wotsatira wina anati nsima adye koma ya mgaiwa, kukula kwa mtanda osatchula. Wachitatu anawaletsa zipatso zonse. Munthu anafika poopa chilichonse chili m'mbale, anaonda, ndipo mapeto ake anagula botolo la mankhwala azitsamba kwa wogulitsa wina wa m'minibasi. Nditawafunsa chifukwa chake, anati uja yekha ndiye anali ndi nthawi yowafotokozera mpaka mapeto. Ndithu, pamene chipatala chakhala chete, a m'minibasi ndi a pa WhatsApp sakhala chete.

Chonsecho zimene ankafunika kumva si zakuya. Wodwala shuga sasiya kudya. Amachepetsa mtanda, amachulukitsa masamba ndi za m'gulu la nyemba, amasiya zakumwa zotsekemera ndi tiyi wa masupuni atatu a shuga, ndipo amadya pa nthawi yake, makamaka ngati akumwa mankhwala kapena kubaya insulini. Wa BP naye sitingomuuza kuti achepetse mchere. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 pa tsiku, ndiye kuti kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi mchere wobisika mu nsomba zouma zothira mchere, mu soda ndi mu timakyubu tokometsera ndiwo. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Si matenda a anthu a m'tauni okha. Maliro a sitiroko tikuika kuno kumudzi.

Pali china chimene ife a dziko la tiyi tinayenera kuchidziwa kuposa wina aliyense. Tiyi amatchinga thupi kuti lisayamwe bwino ayironi wa m'zakudya monga nyemba ndi masamba, makamaka akamwedwa pamodzi ndi chakudyacho. Zipatso zokhala ndi vitamini C, monga nanazi, magwafa ndi malalanje, zimachita zosiyana, zimathandiza ayironi kulowa. Tsono taganizani mayi woyembekezera amene walandira mapilitsi oonjezera magazi ku sikelo ya amayi, n'kumawamwera tiyi m'mawa uliwonse chifukwa ndiye chamadzi chotentha chili pafupi. Ena amasiyira panjira ataona chimbudzi chada kapena atamva nseru, poti palibe anawachenjeza kuti zimenezi zimachitika ndipo si zoopsa. Boma lagula mapilitsi, galimoto yawabweretsa, namwino wawapereka, koma phindu lake lachepa chifukwa cha mawu awiri atatu amene sananenedwe. Kafukufuku wa 2015-16 anapeza kuti mayi mmodzi mwa atatu aliwonse a msinkhu wobereka ali ndi magazi ochepa.

Sukulu zokonzera vutoli sitikuzisowa. Pa Mulanje Mission pali koleji ya anamwino, ku Malamulo m'boma la Thyolo kuli ina, ku Holy Family ku Phalombe kulinso ina. Yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS ili pa Blantyre pompa, ndipo yunivesite ya zaulimi ya LUANAR imatulutsa akatswiri a kadyedwe chaka ndi chaka, ena a iwo ali pakhomo kudikira ntchito. Chimene timaona m'malo mwake ndi misonkhano ya m'mahotela, kumene amapita anthu omweomwewo, kukalandira alawansi ndi chikwama, pamene namwino wa pa chipatala chaching'ono cha kumapiri, amene ndiye amakumana ndi amayi tsiku ndi tsiku, watsala kusunga mzere. Obwerako aja kawirikawiri sapeza mpata wogawira anzawo zimene amva.

Chachitatu, ndipo apa ndiye pamandiwawa kwambiri: ngakhale pamene chiphunzitso chilipo, sichilankhula za m'munda mwathu. Chithunzi cha pakhoma chimaonetsa botolo la mkaka, nyama yofiira, majarini ndi buledi. Mayi akachiyang'ana amati izi n'za anthu olandira pa mwezi, n'kutseka makutu. Pamene Mulanje ndi boma limene magalimoto amabwera kudzapakira chakudya. Imani pa Chitakale, pa Limbuli kapena pa Nkando tsiku la msika muone nanazi, mapeyala, tomato, chinangwa ndi mbatata zikupita ku Limbe. Nandolo wathu mavenda amamugula pa nthawi yokolola mtengo uli pansi, amakathera ku India, ndipo pofika Januwale m'nyumba zambiri mulibe ngakhale kambale kamodzi ka mwana. Mazira timagulitsa. Ndaonapo mayi akugulitsa dzira n'kugulira mwana kapaketi ka zokhwasula za m'sitolo ndi firizesi. Sikuti samukonda mwanayo. Amamukonda kwambiri, ndipo anakhulupirira kuti cha m'pepala lonyezimira chimaposa cha m'khola. Ndani anamuuza zosiyana?

Magulu asanu ndi limodzi aja onse ali pakhomo, munthu akakhala ndi womuonetsa. Zokhutitsa ndi mgaiwa, chinangwa, mbatata ndi mapira. Za nyemba ndi nandolo, khobwe, nzama, soya ndi mtedza. Zanyama sizitanthauza ng'ombe yokha: usipa, bonya, matemba, dzira, ngumbi ndi mbewa zili m'gulu lomweli. Zamasamba ndi bonongwe, chisoso, nkhwani, kholowa, chigwada, khwanya ndi luni, zina zimamera zokha osadzala. Zipatso ndi nanazi, magwafa ndi malalanje. Zamafuta, ngati botolo la kugolosale ladula, peyala ndi nsinjiro zilipo. Phala la mwana wa miyezi isanu ndi umodzi likhale la mgaiwa, lolimba loti silikuyenderera pa supuni, lothira nsinjiro kapena ufa wa soya wokazinga, tsiku lina bonya wosinja, tsiku lina dzira, ndi masamba ophika opotedwa bwino. Poyamba kawiri kapena katatu pa tsiku, akafika miyezi isanu ndi inayi katatu kapena kanayi ndi kachipatso pakati, bere osasiya mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira. Izi amayi amazigwira msanga akaziona zikuphikidwa pa mafuwa, ndi mphika wawo, ndi nkhuni zawo. Pa bolodi sizilowa.

Palinso tizolowezi ta kukhitchini timene timataya chakudya tili nacho kale. Soda amene timathira m'masamba kuti afewe msanga amapha ena mwa mavitamini ake, chimodzimodzi kuwaphika mpaka asanduke akuda. Mfutso woyanika pa mthunzi umasunga zofunika zambiri kuposa wa padzuwa lamphamvu. Mtedza ndi chimanga zochita chuku timazisankha n'kugulitsa zabwino, zoolazo n'kusinjira nsinjiro za pakhomo, osadziwa kuti chukucho chili ndi poizoni woononga chiwindi ndi kakulidwe ka mwana. Ndipo kukonola chimanga mpaka ufa uyere mbuu kumachotsa mbali yabwino ya njere, ija timapatsa nkhuku ndi nkhumba.

Chodabwitsa china n'chakuti pa Bvumbwe, kwa anansi athu a ku Thyolo, pali malo a kafukufuku wa zaulimi amene anagwira ntchito yaikulu pa mbatata yofiira mkati, yokhala ndi vitamini A wambiri: Zondeni, Kadyaubwerere, Kaphulira, Chipika, Mathuthu, Anaakwanire. Ulendo wake ndi wa minibasi, koma mudzi ndi mudzi mupeza amayi amene sanaidzalepo, kapena anailandira kamodzi mbewu n'kutha ndi chilimwe. Nyemba za NUA45 zokhala ndi ayironi wochuluka nazonso zilipo m'dziko muno. Mlangizi wa zaulimi amadziwa za mbewu, wa zaumoyo amadziwa ana amene sakukwera sikelo, koma awiriwa kawirikawiri amayenda m'mudzi umodzi masiku osiyana, aliyense ndi fomu yake. Nthochi nazo, zija zinali chakudya cha ana cha tsiku ndi tsiku kuno ndi ku Thyolo, matenda a chisaka anazipululutsa, ndipo pa phala la mwana palibe chinalowa m'malo mwake. Pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe ku Chonde timanyadira zakudya za makolo, kalongonda ndi zinzake, alendo n'kumajambula. Tikabwerera kunyumba timazionanso ngati za umphawi.

Chachinayi, tikuphunzitsa munthu amene alibe mawu omaliza. Kuno n'kwa chikamwini. Mtsikana wobereka mwana woyamba amakhala khomo loyandikana ndi mayi ake ndi agogo ake, ndipo iwowo ndiwo amagamula tsiku limene mwana ayambe phala. Mwana akalira usiku ali ndi miyezi itatu, agogo amati mkaka sukumukwana, mupatseni kaphala. Mtsikana uja anamva ku sikelo kuti miyezi isanu ndi umodzi n'kuyamwitsa mwakathithi, koma angatsutse amene anamubereka? Nambala ya ana oyamwitsidwa mwakathithi inatsika kuchoka pa 71 mwa 100 mu 2010 kufika pa 61 mu 2015-16. Mayi akaimanso mwana akadali wamng'ono, amamuchotsa kubere tsiku lomwelo poti akuti mkaka waonongeka, pamene mkakawo ulibe vuto. Woyembekezera ena amamuletsa mazira. Mwana akatupa mapazi ndi nkhope, tsitsi n'kufiira, banja limayamba lakhala pansi kufufuza za tsempho, kuti walakwa ndani, masabata n'kumapita.

Ine sindinabwere kudzanyoza miyambo, ndinakuliramo ndipo agogo amenewa ndi anzanga. Ndikuti agogo akaitanidwa mwaulemu, osati kudzawakalipira, amamva, ndipo akamva amakhala alonda okhwima kuposa ife. Chimene tiyenera kugwirizana nawo n'chimodzi: mukadina ndi chala pamwamba pa mapazi onse awiri a mwana, dzenje n'kutsala, mwanayo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Zokambirana za m'banja zidzachitika iye ali pa chithandizo. Abambo nawo ndiwo amasunga ndalama ya nandolo ndi ya ganyu, ndipo m'nyumba zambiri nthuli yabwino imapita m'mbale yawo. Ku sikelo safikako. Apezeni kumene ali: ku bwalo la mfumu, ku mpira, pa bawo, ku tchalitchi ndi ku mzikiti.

Chachisanu ndi cha amayi othyola tiyi. Ntchito imachuluka m'miyezi ya mvula, yomwenso ndi miyezi ya njala ndi ya kutsegula m'mimba. Mayi amalawira m'bandakucha, khanda latsala ndi mchemwali wake wa zaka zisanu ndi zitatu ndi kapu ya phala lozizira. Mumuuza bwanji za kuyamwitsa mwakathithi? Lamulo la ntchito limapereka tchuthi cha uchembere cha masabata asanu ndi atatu, ndipo kusintha kwa lamuloli kwa 2021 kunaonjezera mpata woyamwitsa, theka la ola kawiri pa tsiku, kwa miyezi isanu ndi umodzi. Amayi ambiri amene ndimacheza nawo sadziwa kuti mpatawu ulipo, ndipo wa ntchito ya nyengo amaopa kufunsa. Ndikuyamikira kuti pansi pa ndondomeko ya Malawi Tea 2020 maesiteti anayamba kuphikira antchito nsima ya ufa woonjezera michere. Zinaonetsa kuti akafuna zimatheka. Tsono chidwi chomwecho chifikenso kwa mwana wotsala kunyumba.

Wina anena kuti amayi inu, anthu akusowa chakudya, osati maphunziro. Ndikumva, ndipo sindikutsutsa. Minda kuno ndi timagawo, malo aakulu ali pansi pa tiyi. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anakokolola mbewu, nthaka ndi anthu omwe, ndipo chaka chotsatira ng'amba ya El Niño inachititsa boma kulengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28. Mawu sakhutitsa mwana. Koma ndaona nyumba ziwiri zoyandikana, umphawi wofanana, munda wofanana, kwina mwana ali bwino, kwina ali pa chiponde. Kusiyana kwake kunali koti mayi wina anasungako kathumba ka nandolo ndi mfutso, amapatsa mwana mbale yakeyake, ndipo mwana akadwala samuleka ndi njala, amamunyengerera kudya pang'onopang'ono. Pamene chakudya chachepa m'pamene kudziwa kagawidwe kake kumafunika kwambiri. Ndipo kwa inu osunga thumba la boma, kafukufuku wa Cost of Hunger anapeza kuti mu 2012 dziko lino linataya ndalama zofanana ndi 10.3 peresenti ya chuma chake chonse cha pa chaka chifukwa cha kunyentchera kwa ana. Ndalamayo tikulipira kale, kungoti tikulipirira ku wodi ndi m'makalasi obwereza.

Malawi analowa m'gulu la mayiko olimbana ndi kunyentchera la Scaling Up Nutrition mu 2011, ndondomeko ya kadyedwe ya 2018 mpaka 2022 inalembedwa bwino, ndipo makomiti a kadyedwe alipo pa pepala kuyambira pa boma kufika pa mudzi. Sindikupempha ndondomeko ina. Ndikupempha izi:

1. Khonsolo ya Mulanje iike mu bajeti yake ndalama yodziwika dzina ya maphunziro a kadyedwe, yosadalira mabungwe, ndipo ndalamayo ilembedwe pa bolodi la khonsolo kuti aliyense aione. Mutiuzenso poyera kuti makeya gulupu amene mapulojekiti anawasiya ali m'manja mwa ofesi iti, ndipo woyang'anira wake azifika kangati. Odzipereka sitikupempha malipiro. Tikupempha mabuku ophunzitsira, matayala a njinga ndi munthu wotifunsa kuti ntchito ikuyenda bwanji. Thumba la chitukuko cha m'madera la CDF lingathandizeko apa.

2. Unduna, pamodzi ndi makhonsolo olembetsa anamwino, azamba ndi madokotala, uonetsetse kuti kadyedwe ndi phunziro lolembedwa mayeso, ndipo wophunzira aliyense asanamalize akaphike phala ndi amayi kumudzi ndi kulangiza wodwala shuga pamaso pa mphunzitsi wake. Amene ali kale pa ntchito aphunzitsidwire pa chipatala pawo pomwepo, onse, mpaka wothandiza mu wodi ndi wophika. Ndalama ya hotela ipite kumeneko.

3. Mwana aliyense amene sikelo yake yaima miyezi iwiri yotsatizana, mayi ake akhale pansi ndi mlangizi tsiku lomwelo, ndipo ayenderedwe kunyumba mwezi usanathe. Zimenezi zikhale ndi malo ake pa fomu ya lipoti. Lembani alangizi oonjezera kufikira nambala imene munalonjeza, ndipo kalamba koyezera mkono kaperekedwe kwa amayi ndi agogo, ataphunzitsidwa kuti chikasu n'chiyani, kufiira n'chiyani.

4. Pakhale uthenga umodzi wogwirizana, wa m'Chichewa, wa odwala shuga, BP, TB, omwa ma ARV ndi amayi oyembekezera, wotchula zakudya za kuno ndi miyezo ya kuno: mtanda, chipande, supuni, dzanja. Uthengawo uzimvekanso pa wailesi za m'dera pa nthawi yodziwika sabata iliyonse, anthu aziimba foni kufunsa. Katswiri wa kadyedwe wa pa boma apatsidwe mayendedwe ofikira zipatala zing'onozing'ono.

5. Alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo akhale ndi kalendala imodzi. Zionetsero za kaphikidwe zichitike molingana ndi nyengo, makamaka Januwale ndi Febuluwale pamene nkhokwe zili pululu, osati nthawi yokolola yokha pamene mbale iliyonse imaoneka bwino pa chithunzi. Mbewu ya mbatata yofiira ichulukitsidwe m'madimba a m'mudzi, m'sukulu za pulayimale ndi za mkombaphala.

6. A Gogo Chalo, lamulani magulupu ndi nyakwawa zanu kuti pa msonkhano wa mudzi nkhani ya kadyedwe izikhala ndi nthawi yake, abambo ndi agogo alipo. Anankungwi ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti aitanidwe ku maphunziro ngati aphunzitsi anzathu.

7. Ofesi ya zantchito ikhale pansi ndi eni maesiteti ndi bungwe la antchito kuti mpata woyamwitsa ulengezedwe kwa mayi aliyense pa tsiku lolembedwa ntchito, ndipo pafupi ndi minda pakhale malo osungira ana kumene mayi angafike mu theka la olalo n'kubwerera.

Chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo. Ndikupempha, ndagwira mwendo wanu, kuti bajeti ikubwerayi isanatsekedwe, mfundozi zikambidwe pa msonkhano wa khonsolo yonse ndipo yankho lake, kaya ndi inde kaya ndi ayi, liwerengedwe pa wailesi ndi m'misonkhano ya makomiti a chitukuko a m'madera, ma ADC. Pa mfundo imene simungathe chaka chino, mutiuze chifukwa chake ndi chaka chimene mudzathe. Inu amene mwawerenga kalatayi pa foni, muitumize kwa khansala ndi phungu wa kwanu, ndipo muwawerengereko amayi ndi agogo amene alibe foni.

Ine wanu mwaulemu,
Mphunzitsi wopuma ntchito komanso pulomota wa keya gulupu,
Mulanje.